Kuyang'ana nyenyezi ndi Stellarium ku Nkhotakota

Stellarium ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yomwe imaonetsa thambo monga momwe munthu angalionere ataima pamalo ena ake pa nthawi ina yake. Ili m'gulu la mapulogalamu otchedwa planetarium, omwe amawerengetsera pomwe pali dzuwa, mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi kenako n'kuzijambula pa sikirini. Pulogalamuyi imagwira ntchito popanda intaneti ndipo imatha kuyenda pa laputopu yaing'ono. Pachifukwa ichi ndi yothandiza kwa ophunzira, aphunzitsi ndi anthu ena okonda kuyang'ana kumwamba m'madera monga m'mbali mwa nyanja ya Malawi ku Nkhotakota, komwe usiku kumachita mdima wokwanira koma intaneti ndi magetsi sizidalirika nthawi zonse. Zomwe Stellarium imaonetsa zimafanana ndi thambo lenileni pokhapokha ikapatsidwa malo olondola ndi nthawi yolondola.

## Mbiri

Mawu oti planetarium poyamba ankatanthauza makina kapena nyumba yoonetseramo kayendedwe ka zinthu zakumwamba. Makina oyamba owalitsa nyenyezi padenga lozungulira anapangidwa ndi kampani ya Zeiss mumzinda wa Jena ku Germany mu 1923, ndipo anakhazikitsidwa ku Deutsches Museum mumzinda wa Munich mu 1925. Kumwera kwa Africa, nyumba yotere inatsegulidwa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg mu 1960. Makompyuta atafala, ntchito yomweyi inayamba kuchitika pa sikirini.

Stellarium inayambitsidwa mu 2001 ndi Fabien Chéreau wa ku France. Kuchokera nthawi imeneyo yakhala ikukonzedwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ena mwa iwo ndi Alexander Wolf ndi Georg Zotti. Kwa zaka zoposa 20 manambala a matulutsidwe ake ankayamba ndi 0, mpaka mu October 2022 pomwe inatuluka 1.0. Kuyambira 2023 nambala imatsatira chaka, mwachitsanzo 23.1 kapena 24.2. Pulogalamuyi imatulutsidwa pansi pa chilolezo cha GNU General Public License, chomwe chimalola aliyense kuikopera ndi kugawira anzake. Izi zikutanthauza kuti munthu mmodzi akaitsitsa pa intaneti, ena atha kuitenga pa fulashi popanda kuphwanya lamulo komanso popanda kugula bandulo ina. Fayilo yake ndi ya mamegabayiti mazana angapo.

Imayenda pa Windows, Linux ndi macOS. Palinso Stellarium Web, yomwe imafuna intaneti, ndi Stellarium Mobile ya pa foni.

## Laputopu yaing'ono

Malaputopu ang'onoang'ono otchedwa netbook anatchuka kuyambira 2007, pomwe kampani ya Asus inatulutsa Eee PC 701 yokhala ndi sikirini ya mainchesi 7. Otsatira ake ambiri anali ndi purosesa ya Intel Atom, RAM ya 1 GB kapena 2 GB, ndi sikirini ya madontho 1024 m'litali ndi 600 m'lifupi. Makina otere ndi opepuka kunyamula ndipo sadya moto wambiri, koma ali ndi mavuto atatu pa Stellarium: mphamvu yojambulira zithunzi ndi yochepa, sikirini ndi yaifupi, ndipo batire limakhala litatopa ngati laputopuyo ndi yakale.

Stellarium imajambula thambo pogwiritsa ntchito njira yotchedwa OpenGL. Laputopu ikakhala ndi zida zakale zojambulira, pulogalamu imatha kukana kutseguka kapena kuonetsa sikirini yakuda. Njira zothetsera vutoli ndi izi:

* Kuika madiraiva atsopano a zida zojambulira za laputopuyo.
* Pa Windows, kutsegula Stellarium kudzera pa chizindikiro cholembedwa MESA, chomwe chimapangitsa purosesa kugwira ntchito yojambula. Imayenda pang'onopang'ono koma imatseguka. Matulutsidwe ena ali ndi chizindikiro chinanso cholembedwa ANGLE.
* Kusankha mtundu woyenera makinawo. Mtundu womangidwa pa Qt6 umafuna Windows 10 kapena yatsopano kuposa apo, pomwe wa Qt5 umayenda pa Windows yakale.
* Kuika mtundu wakale wa Stellarium. Matulutsidwe akale amasungidwabe pa intaneti, ndipo kwa munthu woyang'ana ndi maso kapena ndi binoculars malo a nyenyezi ndi mapulaneti omwe amaonetsa ndi olondola mokwanira.

## Kuika malo

Ichi ndi chinthu choyamba kuchita pulogalamu ikangotseguka. Windo la malo limatsegulidwa ndi batani la F6. Tauni ya Nkhotakota ili pa latitude 12°55′ kumwera ndi longitude 34°18′ kum'mawa, pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Manambalawa amalembedwa m'mabokosi ake, malowo n'kupatsidwa dzina ndi kuikidwa pamndandanda. Kenako pamachongedwa bokosi louza pulogalamu kuti izitsegukira pamalo omwewo nthawi zonse.

Cholakwika chofala ndi kusokoneza zilembo za mbali. Latitude iyenera kukhala ndi chilembo S ndipo longitude chilembo E. Munthu akasiya N m'malo mwa S, pulogalamu imaonetsa thambo la ku Sudan, ndipo kumpoto kumaoneka nyenyezi ya Polaris yomwe ku Malawi siioneka n'komwe. Akasiya W m'malo mwa E, malowo amagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Brazil, ndipo nthawi yotuluka ndi kulowa kwa nyenyezi imaphonya ndi maola anayi ndi theka.

Kuphonya pang'ono sikuvuta. Munthu akasankha Lilongwe, yomwe ili pa 13°58′ kumwera ndi 33°47′ kum'mawa, thambo limasuntha ndi digiri imodzi yokha ndipo nthawi imasiyana ndi mphindi ziwiri. Pachifukwa chomwechi manambala a tauni ya Nkhotakota ndi okwanira kwa woyang'ana ali ku Chia, ku Sani kapena ku Dwangwa.

## Kuika nthawi

Stellarium imatenga nthawi pa wotchi ya laputopu. Malawi imagwiritsa ntchito nthawi ya Central Africa Time, yomwe ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, ndipo pamndandanda wa pulogalamu imalembedwa kuti Africa/Blantyre. Thambo limazungulira madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Wotchi ikaphonya ndi maola awiri, nyenyezi zimakhala patali mpaka madigiri 30 kuchokera pomwe sikirini ikuzionetsa.

Malaputopu ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja amabwera ali ndi nthawi ya dziko lomwe achokera. Kungosintha manambala a wotchi sikukwanira: chigawo cha nthawi nachonso chiyenera kusinthidwa. Vuto lina ndi kabatire kakang'ono ka mkati komwe kamasunga wotchi laputopu ikazima. Kakatha mphamvu, tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zambiri, ndipo mwezi ndi mapulaneti zimaoneka pamalo olakwika. Ndi bwino kuyerekeza wotchi ya laputopu ndi ya pa foni musanatuluke panja.

Njira yapafupi yoyesera ngati zonse zili bwino ndi kuona nthawi yolowa dzuwa. Ku Nkhotakota dzuwa limalowa cha m'ma 5:25 madzulo mu June ndi cha m'ma 6:15 mu January. Njira ina ndi kufunafuna mwezi pa sikirini ndi kuuyerekeza ndi womwe uli kumwamba.

## Kupeputsa pulogalamu

Stellarium imabwera ndi nyenyezi zoposa 600,000, ndipo ili ndi mwayi wotsitsa zina zoposa 170 miliyoni. Pa laputopu yaing'ono zowonjezerazi sizifunika chifukwa zimadya RAM ndi malo. Diso la munthu limaona nyenyezi pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa nthawi imodzi ngakhale kutada bwanji. Kuwala kwa nyenyezi kumayezedwa ndi mlingo wotchedwa magnitude, momwe nambala yaing'ono imaimira nyenyezi yowala kwambiri. Sirius, yowala kuposa nyenyezi zonse za usiku, ili pa −1.46, ndipo diso limalekezera cha pa 6. M'windo la F4 muli poikira malire a magnitude. Kuika 6 kapena 6.5 kumachotsa nyenyezi zomwe diso silingaone, ndipo sikirini imafanana kwambiri ndi thambo.

Zina zomwe zimapeputsa ntchito ndi kusunga batire:

* Kuzimitsa kuthwanima kwa nyenyezi, zithunzi za magulu a nyenyezi ndi mizere yosafunika.
* Kusankha malo ojambulidwa osavuta. Mmalo mwa Guéreins, mudzi wa ku France womwe umaoneka poyamba, pali Ocean ndi Zero Horizon. Izi zimafanana ndi kum'mawa kwa Nkhotakota komwe kuli madzi okhaokha.
* Kusiya njira yojambulira mpweya ya Preetham osasankha ShowMySky, yomwe imafuna makina amphamvu.
* Kuzimitsa mapulogalamu owonjezera omwe sakugwiritsidwa ntchito, kudzera m'windo la F2. La Satellites limafuna kulandira manambala atsopano pa intaneti pafupipafupi, apo ayi limaonetsa masetilaiti pamalo olakwika.
* Kuchepetsa chiwerengero cha zithunzi zomwe pulogalamu imajambula pa sekondi. Izi zimasinthidwa m'fayilo ya config.ini, pa mizere ya minimum_fps ndi maximum_fps. Kuika 10 ndi 30 ndi kokwanira. Pa Windows fayiloyi imakhala m'foda ya Stellarium mkati mwa AppData, ndipo pa Linux imakhala m'foda yobisika ya .stellarium.

Pa sikirini ya madontho 600 m'lifupi, mawindo ena amapitirira pansi mpaka mabatani ake osaoneka. Kuchepetsa kukula kwa zilembo m'windo la F2 kumathandiza, monganso kutsegula pulogalamu pa sikirini yonse ndi F11. Zonse zikasinthidwa, batani la Save settings liyenera kudinidwa, apo ayi pulogalamu imabwerera mwakale ikatsekedwa.

## Mabatani ofunika

Mumdima kiyibodi ndi yosavuta kuposa mausi. Mabatani ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi awa:

* F3: kufunafuna nyenyezi kapena pulaneti polemba dzina lake
* F5: kusankha tsiku ndi nthawi
* L ndi J: kuthamangitsa nthawi kutsogolo ndi kuibweza m'mbuyo
* K: kubwezera liwiro la nthawi mwakale
* 8: kubwerera pa nthawi ya panopa
* Space: kuika pakati chinthu chomwe chasankhidwa
* Page Up ndi Page Down: kuyandikitsa ndi kutalikitsa
* C ndi V: mizere ndi mayina a magulu a nyenyezi
* A, G ndi Q: mpweya, nthaka ndi zilembo za mbali zinayi
* Ctrl ndi N: kusandutsa sikirini kukhala yofiira

Munthu akathamangitsa nthawi n'kuiwala kudina 8, pulogalamu imapitiriza kuonetsa thambo la tsiku lina.

## Thambo la ku Nkhotakota

Nkhotakota ili kugombe lakumadzulo kwa nyanja, choncho kum'mawa kulibe mitengo kapena nyumba zotchinga. Mwezi wathunthu, mapulaneti ndi magulu a nyenyezi zimaoneka zikutuluka pamwamba pa madzi. Kumadzulo kuli mitengo ndi mtunda wokwera wolowera ku Nkhotakota Wildlife Reserve, ndipo zinthu zimabisika zisanafike m'chizimezime momwe pulogalamu ikuonetsa.

Chifukwa malowa ali madigiri 13 okha kumwera kwa equator, nyenyezi zonse zakumwera ndi zambiri zakumpoto zimaoneka pa nyengo yake. Nsonga yomwe thambo lakumwera limazungulirapo ili madigiri 13 pamwamba pa chizimezime chakumwera. Poyeza kutalika kumwamba, nkhonya ya munthu atatambasula mkono imaphimba madigiri pafupifupi 10.

Mu May, gulu la Crux, lotchedwanso Southern Cross, limaima chilili kumwera cha m'ma 9 koloko usiku, pa madigiri pakati pa 40 ndi 46. Pafupi nalo pali nyenyezi ziwiri zowala za Alpha Centauri ndi Beta Centauri, ndipo pamwamba pake pali Omega Centauri, mulu wa nyenyezi womwe umaoneka ngati kadontho ka utsi. Pa nthawi yomweyo, munthu akatembenukira kumpoto amaona nyenyezi zisanu ndi ziwiri za Big Dipper zili mozondoka, pa madigiri pakati pa 15 ndi 28. Cha pa 5 ndi 6 May, nyenyezi zogwa za Eta Aquariids, zomwe ndi fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley, zimaoneka m'bandakucha zikuchokera mbali ya kunyanja.

Kuyambira June mpaka August, pakati pa Mlalang'amba pamakwera mpaka madigiri 74, pafupi ndi pamutu, pamodzi ndi magulu a Scorpius ndi Sagittarius. Iyi ndi nyengo yabwino kuposa zonse.

Mu November ndi December gulu la Orion limatuluka kum'mawa madzulo. Nyenyezi zake zitatu zondondozana zimatulukira pafupifupi kum'mawa kwenikweni, choncho zimathandiza kudziwa mbali popanda kampasi. Orion akakwera amaoneka mozondoka poyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku a ku Ulaya: Rigel imakhala pamwamba ndipo Betelgeuse pansi chakumpoto. Sirius imadutsa madigiri anayi okha kuchokera pamutu. Kumwera kumaoneka Canopus ndi timitambo tiwiri ta Magellan, tomwe ndi milalang'amba ina yoyandikana ndi wathu ndipo timakwera mpaka madigiri 30 ndi 33.

Dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa October ndi pakati pa February. Masiku amenewa mtengo woima chilili umasowa mthunzi masana cha m'ma 11:30 mu October ndi cha m'ma 12 koloko mu February. Ophunzira atha kupeza tsikulo pa Stellarium n'kulitsimikizira ndi ndodo pabwalo la sukulu.

## Nyengo ndi kuwala kwa nyali

Stellarium siidziwa za mitambo. Nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu December mpaka April, mausiku ambiri amakhala a mitambo. Kuyambira May mpaka August kumwamba kumayera, ngakhale kuti mphepo ya mwera imaomba mwamphamvu ndipo kunyanja kumazizira. Mu September ndi October utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi zomwe zili m'munsi. Mdima wathunthu umayamba patatha ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 15 dzuwa litalowa.

M'windo la F4 muli poikira kuchuluka kwa kuwala kosokoneza. Mlingo wodziwika ndi wa Bortle, womwe John E. Bortle anaufalitsa mu 2001 m'magazini ya Sky & Telescope. Umayambira pa 1, mdima wathunthu, mpaka 9, pakati pa mzinda waukulu. Nambala yoyenera imapezeka poisintha mpaka nyenyezi za pa sikirini zitafanana ndi zomwe diso likuona.

Kuwala kwina kumachokera panyanja pomwe. Asodzi a usipa amapha nsomba usiku ndi makoka a chilimira, ndipo amayatsa nyali pa mabwato kuti akope nsombazo. Nyali zimenezi zimandandalika m'chizimezime chakum'mawa, ndipo akuti ndi zomwe zinachititsa David Livingstone kuitcha nyanjayi Lake of Stars. Wongoyamba kumene atha kusokoneza nyali ndi nyenyezi yotuluka. Nyenyezi imakwera mooneka pakatha mphindi khumi, pomwe nyali imakhalabe pamadzi.

## Mwezi ndi kadamsana

Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pokhala watsopano kufika pokhalanso watsopano. Usodzi wa nyali umayenda bwino mwezi ukakhala kumdima, yomwenso ndi nthawi yabwino yoonera Mlalang'amba. Posankha mwezi pa sikirini, pulogalamu imaonetsa gawo lomwe lawala ndi nthawi yomwe utuluke ndi kulowa.

Ku Nkhotakota kuli Asilamu ambiri kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, yemwe anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840. Kuoneka kwa mwezi watsopano n'kofunika kwa iwo pa chiyambi ndi pa mapeto a Ramadan. Stellarium imatha kuonetsa mbali ndi kutalika komwe mweziwo ukhale dzuwa likangolowa, ndipo izi zimathandiza kudziwa poyang'ana. Siinena ngati diso liuonadi, ndipo kulengeza tsikulo ndi udindo wa atsogoleri a chipembedzo. Chifukwa mwezi watsopano umaoneka kumadzulo, gombe si malo abwino ouyang'anirapo. Pamafunika malo okwera opanda mitengo.

Ndi F5 munthu atha kubwerera ku kadamsana wakale. Pa 21 June 2001 dzuwa linaphimbika lonse ku Lusaka, ndipo ku Nkhotakota linaphimbika mbali yaikulu. Pa 1 September 2016 kadamsana wooneka ngati mphete anadutsa kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Pa 27 July 2018 kunali kadamsana wa mwezi, wotalika kuposa onse a m'zaka za m'ma 2000, pomwe mwezi unakhala mumthunzi wathunthu kwa mphindi 103 ndipo unaoneka m'Malawi. Pa 25 November 2030 kadamsana wathunthu wa dzuwa adzadutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho.

## Mayina a Chichewa

Stellarium ili ndi mayina ndi magulu a nyenyezi a mitundu ya anthu yoposa 40, kuphatikizapo Aiguputo, Matchaina, Amaori, Azulu ndi Axhosa. Magulu 88 omwe akatswiri amagwiritsa ntchito ali ndi mayina a Chilatini. M'Chichewa muli mayina akeake. Pleiades ndi Nsangwe, ndipo Orion, makamaka nyenyezi zake zitatu zondondozana, ndi Akamwiniatsatana. Mayina awiriwa amapezekanso m'Baibulo la Buku Lopatulika. Venus ikaoneka m'mamawa imatchedwa Nthanda. Nthano yakale yomwe Alice Werner analemba mu 1906 imati mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, yemwe saudyetsa bwino mpaka umaonda, ndi Puikani wa kumadzulo, yemwe amaunenepetsa. Pothamangitsa nthawi miyezi ingapo, pulogalamu imaonetsa kuti nyenyezi ya m'mamawa ndi ya madzulo ndi pulaneti imodzi yomweyo.

## Kusamala

Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kwa sikirini kumafafaniza zimenezi nthawi yomweyo. Sikirini iyenera kukhala yofiira ndi yotsitsidwa kuwala mpaka pansi, kapena kuphimbidwa ndi pulasitiki yofiira. Mchenga ndi chinyezi zimaononga laputopu, choncho iikidwe pa tebulo kapena pa mpando. Batire likakhala lofooka, ndi bwino kukonzekera m'nyumba, kujambula mapu papepala, laputopu n'kuisiya.

M'mbali mwa nyanja usiku mumakhala udzudzu wofalitsa malungo, ndipo kufupi ndi mabango ndi mathiriro a mitsinje monga Bua kumapezeka ng'ona ndi mvuu. Oyang'ana nyenyezi aziima patali ndi madzi komanso azikhala pagulu. Dzuwa lisayang'anidwe ndi maso, binoculars kapena telesikopu popanda zotchingira zopangidwira ntchitoyo, ngakhale pa nthawi ya kadamsana, chifukwa limaononga maso mpaka kalekale.

## Mapulogalamu ena

Cartes du Ciel, yolembedwa ndi Patrick Chevalley wa ku Switzerland, imajambula thambo ngati mapu ndipo siifuna zida zamphamvu zojambulira, choncho imayenda pa makina akale omwe akukana Stellarium. KStars, yomwe Jason Harris anayambitsa mu 2001 pansi pa KDE, imakondedwa ndi ogwiritsa ntchito Linux komanso ojambula zithunzi ndi telesikopu. Celestia, ya Chris Laurel, imatenga munthu kumuyendetsa pakati pa mapulaneti, ndipo ndi yothandiza m'kalasi kusiyana ndi panja. Onsewa ndi aulere, ndipo pa Cartes du Ciel ndi KStars manambala a malo ndi nthawi ndi omwewo a Nkhotakota omwe amaikidwa mu Stellarium.

## Onaninso

* Nkhotakota
* Nyanja ya Malawi
* Kadamsana
* Mlalang'amba